Botolo limodzi, mankhwala awiri: kumvetsa mankhwala ophatikiza a glaucoma

Pali funso limene limabwerabwera pakati pa anthu amene amalandira mankhwala odontheza m'maso a glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, kuno ku Zomba, ndipo limabwera mitundu iwiri. Wina wakhala akudontheza mabotolo awiri chaka chathunthu, kenako tsiku lokaonana ndi adokotala amulembera botolo limodzi lokha. Amatuluka akudzifunsa: kodi andichepetsera chifukwa ndayamba kuchira, kapena mankhwala enawo atha? Wina zimamuchitikira mosemphana. Anazolowera botolo limodzi, lero wapatsidwa awiri, ndiye akukwera minibasi ya ku Jali mtima uli m'mwamba poganiza kuti matenda akula.

Nthawi zambiri anthu awiriwa mankhwala awo sanasinthe n'komwe. Chimene chasintha ndi mmene aikidwira. Pali mankhwala odontheza m'maso amene fakitale imaika mitundu iwiri m'botolo limodzi, pa mlingo woyezedwa kale, ndipo awa ndiwo tikuwatcha ophatikiza. Ali ndi ubwino wake weniweni, alinso ndi zofooka zake, ndipo pali ngozi imodzi imene wodwala aliyense ndi womusamalira ayenera kuidziwa. Koma kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona chimene mankhwalawa amakakonza m'diso.

Madzi a m'kati mwa diso

Diso limapanga madzi akeake m'kati. Si misozi ayi. Misozi ili kunja, ntchito yake ndi kutsuka ndi kunyowetsa pamwamba. Madzi amene tikunenawa amadzaza kachipinda ka kutsogolo kwa diso, amadyetsa mbali za diso zimene zilibe mitsempha ya magazi, ndipo amathandiza kuti diso likhale lokungika, lisafwafwanyike. Amapangidwa usana ndi usiku kuseri kwa mbali yakuda ya diso, n'kudutsa pa mwanadiso, kenako n'kutuluka kudzera pa kasefa kakang'ono kwambiri kamene kali m'mphepete, pomwe mbali yakuda imakumana ndi yoyera. Palinso njira ina yachiwiri yotulukira, yodutsa pakati pa timinofu ta m'kati mwa diso.

Amene anakwerapo phiri la Zomba n'kuona damu la Mulunguzi amvetsa msanga. Madzi amalowa kuchokera mumtsinje, ena amatuluka m'mapaipi kutsikira m'tauni, ena amasefukira pamalo amene anawakonzera. Olowa ndi otuluka akamafanana, damu limakhala pa mlingo wake. Potulukira pakayamba kutsekeka, madzi amakwera n'kumakankha khoma. Diso nalo n'chimodzimodzi, kungoti ilo lilibe posefukira. Kasefa kaja kakayamba kulephera, madzi amapanikizika m'kati, ndipo kupanikizika kumeneku ndiko achipatala amati puresha ya m'diso. Malo ofewa amene amayamba kugonja ali kumbuyo, pomwe pamatulukira mtsempha waukulu wotumiza zimene taona ku ubongo. Mtsempha umenewu uli ndi timinyewa toposa miliyoni imodzi, ndipo kamene kafa sikameranso. Kuwonongeka kwa mtsempha umenewu ndiko glaucoma.

Puresha ya m'diso amaiyeza ndi kachipangizo kogusa diso kapena kopemerera mpweya, ndipo nambala yake imalembedwa mu mmHg. Anthu ambiri a maso abwino amakhala pakati pa 10 ndi 21. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa akamva mawu akuti puresha amaganiza za BP. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu atha kukhala ndi BP yabwinobwino koma puresha ya m'diso ili pa 35, ndipo mapiritsi a BP salowa m'malo mwa mankhwala a m'maso.

Choopsa cha mtundu wa glaucoma umene uli wofala kwambiri kuno n'chakuti suwawa. Umayamba kudya maso cham'mbali, pakati pakuonabe bwino, ndiye munthu amawerenga, amasoka, amazindikira anthu, koma amayamba kugunda mafelemu a zitseko kapena kudzidzimuka njinga ya kabaza itamufika kale pambali. Diso linalo limabisanso vuto la linzake. Ambiri amafika kuchipatala diso limodzi litatha kale. N'zosiyana kwambiri ndi ng'ala, imene akaichotsa ndi opaleshoni munthu amaonanso. Pa glaucoma, zimene zapita zapita, ndipo chithandizo chilichonse cholinga chake ndi kuteteza zimene zatsala.

Matendawa ndiwo amatsogola padziko lonse pobweretsa khungu losachiritsika. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2014 anayerekeza kuti pofika 2020 anthu pafupifupi 76 miliyoni a zaka 40 mpaka 80 adzakhala ali ndi glaucoma, ndipo pofika 2040 adzapitirira 111 miliyoni. Anapezanso kuti mtundu wosawawa uja ndi wochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, anthu pafupifupi 4 mwa 100 alionse a msinkhu umenewu. Kwa anthu akuda umayambanso msanga ndipo umathamanga. Umayenda m'magazi, choncho amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi ali nawo ayenera kukayezetsa maso ngakhale akuona bwino.

Puresha yokwera ndi glaucoma si chinthu chimodzi

Pali anthu amene puresha yawo imapitirira 21 koma mtsempha uli bwinobwino. Amenewa alibe glaucoma, ali pa chiopsezo chabe. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Ocular Hypertension Treatment Study, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oterewa kwa zaka 5. Mwa amene sanapatsidwe mankhwala, 9.5 pa 100 alionse anayamba glaucoma. Mwa amene ankadontheza mankhwala, anali 4.4 pa 100. Mankhwala anadula chiopsezo ndi theka, koma nambalazi zikusonyezanso kuti ambiri sanadwale ngakhale opanda mankhwala. N'chifukwa chake adokotala ena amasankha kumangoyeza munthu wotere pafupipafupi, ena n'kumuyambitsa mankhwala, malingana ndi msinkhu wake, mbiri ya kubanja ndi mmene nambala yakwerera.

Palinso amene mtsempha wawo ukuwonongeka puresha ili pa 17 kapena 18. Nawonso ndi glaucoma, ndipo chithandizo chake n'chomwecho, kutsitsa puresha kupitirira pamene ili. Choncho palibe nambala imodzi yoyenera aliyense. Dokotala amaikira diso lililonse mlingo wofunika kufikapo, ndipo diso lowonongeka kwambiri limafuna mlingo wotsika kwambiri. Kafukufuku wina wa ku Sweden anapeza kuti kutsitsa puresha ndi 1 mmHg yokha kumachepetsa chiopsezo choti matenda apitirire ndi pafupifupi 10 pa 100. Mukaona adokotala akulimbana ndi kusiyana kwa 19 ndi 16, chifukwa chake n'chimenecho.

Mankhwala alipo magulu angati?

Tibwerere ku damu lija. Madzi akachuluka pali njira ziwiri, kuchepetsa olowa kapena kutsegula potulukira. Mankhwala onse a glaucoma amachita chimodzi mwa ziwirizi, ena zonse.

Wodziwika kwambiri ndi timolol, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'maso mu 1978. Amachepetsa madzi amene diso limapanga, ndipo amatsitsa puresha ndi 20 mpaka 25 pa 100. Ndi wotsika mtengo, ndipo ndi amene odwala ambiri m'Malawi muno amayambira. Ali m'gulu limodzi ndi mapiritsi ena a mtima ndi BP monga atenolol ndi propranolol. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Gulu lachiwiri ndi la latanoprost, amene anabwera mu 1996, pamodzi ndi anzake travoprost ndi bimatoprost. Awa amatsegula njira yachiwiri yotulukira ija, ndipo ndiwo amphamvu kuposa onse, chifukwa amatsitsa puresha ndi 25 mpaka 33 pa 100 ndi dontho limodzi patsiku, kawirikawiri madzulo. Amatha kufiiritsa maso, kutalikitsa tsitsi la m'zikope ndi kudetsa khungu lozungulira diso. Amadetsanso mbali yamtundu ya diso, koma kwa ife a maso akuda kale zimenezi sizioneka kwenikweni.

Dorzolamide ndi brinzolamide amachepetsa madzi olowa, koma kudzera njira yosiyana ndi ya timolol. Dorzolamide amaluma m'maso kwa kanthawi, ndipo onse awiri amasiya kakuwawa kukhosi, kuwawa kwa mankhwala osati kwa chilonda. Mapiritsi a acetazolamide ndi a banja lomweli, ndipo nthawi zambiri amaperekedwa kwa masiku owerengeka pamene puresha yakwera moopsa. Brimonidine amachita zonse ziwiri, kuchepetsa olowa ndi kuwonjezera otuluka. Palinso pilocarpine, wakale kwambiri wa m'zaka za m'ma 1870, amene masiku ano amagwiritsidwa ntchito pa nthawi zapadera zokha. Pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pali timolol, latanoprost, pilocarpine ndi acetazolamide.

Chifukwa chiyani kuphatikiza?

Mankhwala amodzi nthawi zambiri sakwanira. Mu kafukufuku wa ku America uja, pofika chaka chachisanu anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse amene ankalandira mankhwala ankafunika mitundu iwiri kapena kuposerapo, chikhalirecho matenda awo anali asanayambe n'komwe. Nanga kuli bwanji munthu amene wafika mtsempha utadyeka kale, wofunika puresha yotsika kwambiri? Choncho dokotala amawonjezera mankhwala a gulu lina, ogwira ntchito mwa njira ina. Kuwonjezera a gulu lomwelo sikuthandiza. Mitundu iwiri ya banja la latanoprost pamodzi sitsitsa puresha kawiri, ndipo nthawi zina imaikweza.

Mabotolo akachuluka, mavuto amayamba. Loyamba lili m'diso momwemo. Dontho limodzi la m'botolo ndi lalikulu kale kuposa malo amene diso lili nawo osungira madzi. Mukadontheza lachiwiri nthawi yomweyo, limangokokolola loyamba lija lisanalowe, mankhwala n'kutsikira patsaya. N'chifukwa chake amati mudikire mphindi 5 pakati pa botolo ndi botolo. Pakamwa n'zosavuta, koma taganizirani mayi wogulitsa masamba mumsika wa Zomba amene amadzuka kusanache, kapena bambo amene akuthamangira kumunda wa mpunga kudambo la Chilwa. Mphindi zisanu zija ndi zimene zimayamba kudumphidwa, kenako botolo lachiwiri limayamba kuiwalika. Mankhwala akakhala m'botolo limodzi, dontho ndi limodzi ndipo palibe kudikira.

Lachiwiri ndi kuwerengera. Munthu wopatsidwa timolol kawiri patsiku ndi dorzolamide payekha ayenera kukumbukira botolo liti, nthawi yanji, diso liti, iye maso akuona mwachimbuuzi ndipo timalemba ta pa botolo ndi tating'ono. Ambiri mwa odwalawa ndi achikulire amene akumwanso mapiritsi a shuga kapena a BP. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti mabotolo akamachuluka, anthu otsatira malangizo mokhulupirika amachepa. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona phindu lalikulu la mankhwala ophatikiza, chifukwa glaucoma sikumbutsa munthu ndi ululu. Malungo amakukumbutsa okha kuti umwe mankhwala. Glaucoma imangokhala chete, ndipo tsiku lililonse lodumphidwa puresha imabwerera m'mwamba.

Lachitatu ndi mankhwala oteteza kuti m'botolo musamere tizilombo. Mabotolo ambiri amakhala ndi benzalkonium chloride. Amagwira ntchito yake bwino, koma akamathiridwa m'diso kangapo patsiku kwa zaka zambiri amaumitsa diso, kulifiiritsa ndi kulichititsa kumva ngati muli mchenga. Madontho akachepa, mlingo wa mankhwala amenewa umachepanso. Zimenezi zimathandizanso mtsogolo ngati munthu adzafunike opaleshoni, chifukwa kakhungu ka pamwamba pa diso kakakhala kosatupa opaleshoni imayenda bwino.

Ophatikiza amene mungakumane nawo ndi awa. Dorzolamide ndi timolol, amene dzina lake loyamba la malonda ndi Cosopt ndipo anavomerezedwa ku America mu 1998, amadonthezedwa kawiri patsiku. Brimonidine ndi timolol, wotchedwa Combigan, nayenso kawiri. Brinzolamide ndi timolol ndi Azarga. Latanoprost ndi timolol ndi Xalacom, travoprost ndi timolol ndi DuoTrav, bimatoprost ndi timolol ndi Ganfort, ndipo atatu amenewa ndi a kamodzi patsiku. Simbrinza, amene anabwera mu 2013, ali ndi brinzolamide ndi brimonidine. Mankhwala omwewa amapangidwanso ndi makampani ena, ambiri a ku India, pansi pa mayina ena. Choncho dzina lalikulu la pa katoni lisakusokonezeni. Yang'anani timalemba ta m'munsi mwake, pomwe pamalembedwa mwachitsanzo Dorzolamide 2% ndi Timolol 0.5%. Mayina awiriwo ndi nambala zake akafanana ndi a m'mabotolo anu awiri akale, mankhwala ndi omwewo.

Kodi amphamvu ndi ati, ophatikiza kapena olekanitsa? Ophatikiza amatsitsa puresha kuposa mtundu uliwonse pawokha. Poyerekeza ndi mabotolo awiri odonthezedwa bwinobwino, mphamvu zimakhala pafupifupi zofanana, ndipo pa ena a kamodzi patsiku mabotolo awiri amaposako pang'ono chifukwa timolol payekha amadonthezedwa kawiri. Dziwaninso kuti mphamvu siziwonkhetsedwa ngati ndalama. Mankhwala otsitsa 30 ndi otsitsa 25 akaphatikizidwa satsitsa 55. Wachiwiri amangowonjezera pang'ono, koma pang'ono pomwepo n'pofunika.

Timolol wobisala m'botolo

Mukawerenganso mayina ali pamwambawa muona kuti onse kupatula Simbrinza ali ndi timolol. Apa ndi pamene pali ngozi ija.

Pangodya ya diso, pafupi ndi mphuno, pali kabowo kamene misozi imatsikira kupita m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira amatuluka mamina. Mankhwala a m'maso amatsika njira yomweyo, ndipo m'mphuno amalowa m'magazi mwachindunji. Timolol akalowa m'magazi amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amafinya njira za mpweya m'mapapo. Kwa anthu ambiri zimenezi sizimveka n'komwe. Kwa munthu wa mphumu, dontho limodzi litha kumubanikitsa mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo alipo amene anataya moyo. Amene ali ndi mphumu, matenda okhalitsa a m'mapapo, mtima wogunda pang'onopang'ono kapena mtima wofooka ayenera kunena asanalandire mankhwala alionse okhala ndi timolol, ngakhale adokotala atapanda kufunsa. Amene akumwa atenolol kapena propranolol anenenso. Wa shuga adziwe kuti timolol amatha kubisa zizindikiro za shuga wotsika, monga kugunda kwa mtima mothamanga ndi kunjenjemera.

Ndiye taonani mmene chisokonezo chimabwerera. Munthu anali pa timolol. Puresha sinatsike mokwanira, ndiye amulembera wophatikiza wa dorzolamide ndi timolol. Kunyumba kuli botolo lakale la timolol lisanathe, ndipo mankhwala satayidwa chisawawa, makamaka ogula. Amapitiriza onse awiri, osadziwa kuti akulandira timolol kawiri. Puresha sitsikanso kwenikweni, koma iye amayamba kufooka, chizungulire, befu pokwera kamtunda ka ku Chinamwali kamene kale ankakwera osapumira. Achibale amati ndi ukalamba. Funso limodzi kuchipatala kapena ku famase likanateteza zonsezi: kodi botolo lakale ndipitirize kapena ndisiye? Ndipo mukamapita kukaonana ndi adokotala, tengani mabotolo onse amene mukugwiritsa ntchito pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, aone ndi maso awo.

Brimonidine nayenso ali ndi zake. Amaumitsa mkamwa, amabweretsa tulo, ndipo anthu ena pakapita miyezi maso amayamba kuyabwa ndi kutupa chifukwa thupi lamukana. Saperekedwa kwa ana osakwana zaka 2 chifukwa amatha kuwagonetsa moopsa mpaka kupuma kuvuta, choncho botolo likhale patali ndi ana. A matenda aakulu a impso anene asanalandire dorzolamide kapena brinzolamide, ndipo a sickle cell anene asanamwe acetazolamide. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anenenso.

Kufooka kwina kwa botolo limodzi n'kwakuti simungalekanitse. Diso likayamba kufiira ndi kuyabwa, n'kovuta kudziwa kuti wolakwa ndi uti mwa awiriwo. Simungawonjezere mlingo wa mmodzi n'kusiya winayo. Nthawi yodonthezera imakhalanso yongogwirizanitsa, chifukwa latanoprost amayenera madzulo pamene timolol amagwira bwino masana, popeza usiku munthu akagona diso limachepetsa lokha madzi amene limapanga. Pa zifukwa zimenezi madokotala ambiri amayamba ndi mtundu umodzi, aone mmene diso lalandirira, kenako n'kuwonjezera. Amayambira pa wophatikiza pokhapokha puresha ikakhala yokwera kwambiri kapena matenda atapita patali.

Ndipo pali mtengo. M'zipatala za boma mankhwala salipiritsa, koma si mitundu yonse imene imapezeka nthawi zonse, ndipo ophatikiza kawirikawiri amafuna kugula ku famase pa mtengo woposa wa timolol payekha. Nthawi zina botolo limodzi lophatikiza limatsika mtengo kuposa kugula awiri, nthawi zina ayi. Wophatikiza akasowa, kubwerera ku mabotolo awiri a mankhwala omwewo si kubwerera m'mbuyo, bola mphindi zisanu zija zisungidwe.

Ophatikiza ena amene amakweza puresha

M'mafamase mulinso mankhwala ena a m'maso ophatikiza amene sakhudzana ndi glaucoma. Ndi aja a maso ofiira ndi oyabwa, okhala ndi mankhwala opha tizilombo pamodzi ndi steroid, gulu la mankhwala ochepetsa kutupa monga dexamethasone, betamethasone ndi prednisolone. Amayeretsa diso msanga, ndiye anthu amawakonda, amabwerekana, ndipo ena amadonthezera ana a maso oyabwa miyezi ndi miyezi. Kwa anthu ena steroid amatseka kasefa kotulukira madzi kaja, puresha n'kukwera pakangopita milungu yochepa. Mwana atha kuchita khungu ndi glaucoma yobwera ndi mankhwala. Amene ali kale ndi glaucoma ndiye ali pa chiopsezo chachikulu. Mankhwala amenewa ali ndi ntchito yake, makamaka pambuyo pa opaleshoni, koma pansi pa dokotala amene akuyeza puresha. Gulani mankhwala a m'maso m'malo ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati pa benchi pamsika. Timadzi ta masamba ndi zina zothira m'maso za kumudzi sizitsitsa puresha, ndipo zimatha kusiya chilonda pa diso.

Kadonthezedwe ndi kasungidwe

Tiyerekeze mdzukulu akudontheza agogo ake pakhonde m'mawa. Wasamba m'manja ndi sopo. "Agogo, khalani apa, mutu muugoneke kumbuyo, muyang'ane kudenga." Ndi chala chimodzi akukokera chikope cham'munsi pansi pang'ono kuti pakhale kathumba. Botolo lili m'mwamba, kamlomo kake sikakugunda diso, chikope kapena chala. Dontho limodzi lagwera m'kathumba muja. "Tsinzinani tsopano, osaphethira." Agogo atseka maso mofatsa, ndipo ndi nsonga ya chala akanikiza pangodya ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kukanikiza kumeneku kumatseka kabowo kaja, mankhwala amakhalitsa m'diso ndipo olowa m'magazi amachepa. Zotsikira patsaya mdzukulu akupukuta ndi kansalu koyera.

Dontho limodzi n'lokwanira. Lachiwiri limangotayika, botolo n'kutha mwezi usanathe. Mukaphonya, dontho n'kugwera patsaya, donthezani lina. Ngati mwapatsidwa wophatikiza ndi botolo lina lachitatu, dikirani mphindi 5 pakati pake, ndipo mankhwala opaka ngati mafuta akhale omaliza. Azarga ndi Simbrinza amaoneka ngati mkaka, ndipo amafuna kukhutchumula musanadontheze. Kawiri patsiku ndiye kuti motalikana maola pafupifupi 12, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Mukaiwala, musadontheze kawiri nthawi yotsatira. Tsiku lopita kuchipatala donthezani monga mwa masiku onse, chifukwa adokotala akufuna kuona puresha mankhwala ali m'diso.

Botolo likatsegulidwa, ambiri amayenera kutayidwa pakatha masiku 28 ngakhale muli otsala, choncho lembani tsiku lotsegulira pa katoni. Latanoprost ndi ophatikiza ake ambiri amafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, asanatsegulidwe. Akatsegulidwa amatha kukhala kunja pamalo osapitirira madigiri 25 kwa milungu inayi. Kumtunda kuphiri zimenezi n'zosavuta, koma ku Kachulu kapena ku Chingale mwezi wa October, m'nyumba ya malata mumatentha kuposa pamenepo. Opanda firiji aike botolo m'katoni yake, alikulunge m'pepala la pulasitiki louma, n'kuliika pansi pamthunzi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Lisakhale pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'thumba la malaya tsiku lonse padzuwa. Ngati kwanu kumatentha kwambiri ndipo mulibe posungira, nenani, chifukwa pali mitundu ina imene sifuna firiji.

Musasiye mankhwala chifukwa maso sakuwawa kapena chifukwa simukuona kusintha. Mankhwalawa sawonjezera kuona, ndipo akamagwira bwino ntchito munthu samva kanthu. Umboni wake uli pa nambala ya puresha, pa maonekedwe a mtsempha ndi pa mayeso a kuona cham'mbali. Konzekerani botolo lina sabata imodzi lakale lisanathe. Koma diso likayamba kuwawa kwambiri mwadzidzidzi, lofiira, mutu ukuwawa, kusanza ndi kuona utawaleza kuzungulira magetsi, umenewo ndi mtundu wina wa glaucoma umene umatseka potulukira nthawi imodzi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Madontho akalephera

Si diso lililonse limene limamvera mankhwala, ndipo si banja lililonse limene lingakwanitse botolo mwezi ndi mwezi kwa moyo wonse. Pali njira zina ziwiri. Ina ndi laser, kuwala kwamphamvu kumene amalunjikitsa pa kasefa kaja kuti kazitulutsa madzi bwino, ntchito ya mphindi zochepa munthu ali maso. Ku chipatala cha Kilimanjaro Christian Medical Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania anayerekeza laser ndi timolol payekha, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Patatha chaka, puresha inali pa mlingo wofunika m'maso pafupifupi 61 pa 100 a laser, poyerekeza ndi 31 pa 100 a timolol. Mphamvu ya laser imatha kuchepa pakapita zaka, koma amatha kubwereza. Njira ina ndi opaleshoni yotchedwa trabeculectomy, yotsegula kanjira katsopano kotulukira madzi pansi pa chikope cham'mwamba. Imatsitsa puresha kwambiri kuposa madontho, ili ndi zoopsa zake, ndipo imafuna kubwerera kuchipatala kangapo m'milungu yoyambirira. Nayonso sibwezeretsa kuona kumene kunatayika, ndipo ena amafunikabe madontho pambuyo pake.

Kuno poyambira ndi ku gawo la maso la Zomba Central Hospital, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatha kutumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Kusankha pakati pa botolo limodzi, mabotolo awiri, laser kapena opaleshoni kumadalira mmene mtsempha wawonongekera, matenda ena amene munthu ali nawo, kutalika kwa kwawo ndi thumba lake. Zina mwa zimenezi makina amaziona, koma zina adokotala sangazidziwe mukapanda kunena. Ngati mwezi watha munakhala milungu iwiri opanda mankhwala chifukwa ndalama inavuta, kapena mumalephera kufinya botolo chifukwa manja amanjenjemera, nenani momasuka. Mukabisa, adokotala amaona puresha yokwera n'kuganiza kuti mankhwala ndiwo afooka, ndiye amakuwonjezerani botolo lina.